Mmene mungaphunzirire digiri ya zamalamulo osamira m'mabuku

Anthu ambiri amene amayamba digiri ya zamalamulo amakhala kuti ankakhoza bwino kusekondale. Anazolowera kuloweza notsi za aphunzitsi n'kukazikhuthula papepala la mayeso, malikisi n'kubwera. Ndiye semesita yoyamba ikatha, ena amalandira malikisi amene sanawaonepo chiyambire sukulu, n'kuyamba kuganiza kuti analowa kolakwika. Kawirikawiri mutu amakhala ali nawo ndithu. Chimene chimawagwetsa n'chakuti maphunzirowa amafuna luso limene sanaphunzitsidwepo: kupita kumene lamulo likuchokera, kuliwerenga wekha, kenako kuliika pa nkhani ya anthu imene sunaimvepo, n'kunena mmene bwalo la milandu lingagamulire. Malangizo ali m'munsiwa ndi a luso limenelo, ndipo ndawasanja motsatira mmene zinthu zimabwerera pa moyo wa wophunzira.

Musanalembetse, dziwani kumene digiriyo ikakufikitseni

M'mayiko ambiri digiri yoyamba ya zamalamulo imatchedwa LLB. Ku England ndi ku Wales imatenga zaka zitatu, ku South Africa zinayi, ndipo ku India kuli ina ya zaka zisanu imene munthu amalowa akangomaliza sekondale. Ku United States zimayenda mwina: umayamba watenga digiri ya phunziro lina, kenako n'kuchita digiri ya zamalamulo yotchedwa JD kwa zaka zitatu.

Chofunika kuchigwira msanga n'chakuti pafupifupi kulikonse digiri payokha simusandutsa munthu loya woimirira anthu pamilandu. Pambuyo pake pamakhala maphunziro ena a ntchito, mayeso, kapena nthawi yophunzira ntchito pansi pa loya wamkulu. Choncho musanalipire chilichonse, funsani ku bungwe limene limavomereza maloya m'dziko limene mukufuna kudzagwiramo ntchito ngati limaivomereza digiri ya yunivesite imene mwasankha. Funsani bungwelo mwachindunji, musadalire zimene yunivesite yalemba potsatsa maphunziro ake. N'zowawa kumaliza zaka zinayi n'kudzauzidwa kuti pepala lanu silikukwanira.

Dziwaninso mtundu wa malamulo amene mudzaphunzire. Pali common law, imene inakulira m'makhothi a ku England n'kufalikira kumayiko amene ankalamulidwa ndi Britain, ndipo mmenemo zigamulo za majaji zimakhala gwero la lamulo. Pali civil law, yochokera ku malamulo a Aroma amene anasonkhanitsidwa mu ulamuliro wa mfumu Justinian pakati pa 529 ndi 534, ndipo imatsamira pa mabuku akuluakulu a malamulo monga la ku France la 1804. Scotland ndi South Africa anasakaniza ziwirizi. Zitsanzo zanga pano ndi za common law, chifukwa ndi kumene kuwerenga milandu kumavutitsa kwambiri ophunzira atsopano.

Masabata oyamba: jambulani makhothi, phunzirani kuwerenga dzina la mlandu

Tengani pepala lalikulu mujambule makhothi a dziko limene mukuphunzira malamulo ake, kuyambira lotsikitsitsa mpaka lalikulu kwambiri, ndi mivi yoonetsa kumene apilo imalowera. Limateni pakhoma. Chifukwa chake ndi mfundo yotchedwa stare decisis: khothi laling'ono liyenera kutsatira zimene khothi lalikulu linagamula kale pa nkhani yofanana. Ngati simukudziwa kuti chigamulo chinachokera kukhothi liti, simungadziwe kulemera kwake. Chigamulo cha khothi la dziko lina chingakope jaji, koma sichimumanga.

Kenako zolowerani kalembedwe ka milandu. Mukaona Donoghue v Stevenson [1932] AC 562, mayina awiriwo ndi a anthu amene ankazengana mlandu, 1932 ndi chaka cha buku limene chigamulocho chinasindikizidwamo, AC ndi mndandanda wa mabuku wotchedwa Appeal Cases, ndipo 562 ndi tsamba limene mlanduwo ukuyambira. Mukaona R kutsogolo, monga R v Dudley and Stephens wa mu 1884, R akuimira Rex kapena Regina, kutanthauza kuti ndi boma limene likuimba munthu mlandu m'dzina la mfumu. Pitani ku laibulale mukapeze mlandu umodzi ndi manja anu pashelefu, kenako muupezenso pa intaneti. Masamba monga BAILII, SAFLII, CommonLII ndi AfricanLII amapereka zigamulo kwaulere. Wogwira ntchito mu laibulale ya zamalamulo amadziwa zambiri kuposa mmene ophunzira amaganizira, ndiye dziwanani naye sabata yoyamba yomweyo.

Mawu a Chilatini asakuopseni. Amene mudzakumane nawo tsiku ndi tsiku ndi ochepa, ndipo mukakhala ndi kabuku kolembamo mawu atsopano ndi tanthauzo lake m'mawu anuanu, pofika pakati pa semesita adzakhala akutuluka okha pakamwa.

Kuwerenga mlandu

Apa m'pamene pagona digiri yonse, choncho tipatengere nthawi. Kaphunzitsidwe kodalira milandu kanatchuka kuchokera kwa Christopher Columbus Langdell, amene anakayambitsa ku Harvard mu 1870, ndipo mpaka lero ndi msana wa maphunzirowa m'mayiko a common law.

Tiyeni titenge mlandu wa Donoghue uja. Mu Ogasiti 1928, mayi May Donoghue analowa m'kafe ina m'tauni ya Paisley ku Scotland. Mnzawo anawagulira chakumwa cha ginger beer cha m'botolo losaonekera mkati. Atamwako, chotsalacho chinathiridwa m'tambula, ndipo malinga ndi dandaulo lawo, munatuluka nkhono yowola. Iwo anadwala m'mimba. Vuto linali lakuti chakumwacho sanagule ndi iwo, kotero panalibe mgwirizano wa malonda pakati pa iwo ndi mwini kafe, ngakhalenso ndi David Stevenson amene anapanga chakumwacho. Mu Meyi 1932 khothi la House of Lords, limene pa nthawiyo linali lalikulu kwambiri ku Britain, linagamula, majaji atatu kutsutsana ndi awiri, kuti wopanga katundu ali ndi udindo wosamala kuti asavulaze munthu amene adzagwiritse ntchito katunduyo, ngakhale kuti awiriwo sanapangane kalikonse.

Mlandu wotere muuwerenge kawiri. Ulendo woyamba ingodutsani mofulumira, cholembera chili pansi, kuti mudziwe amene akudandaula, chimene akufuna, ndi amene wapambana. Ulendo wachiwiri werengani modekha, mukufunafuna zinthu zisanu, ndipo muzilembe patsamba limodzi lokha: khothi ndi chaka, mfundo za nkhani zimene zinakhudza chigamulo, funso la lamulo limene khothi linayenera kuyankha, yankho lake, ndi chifukwa chake.

Chovuta kwambiri pa zisanuzi ndi kusankha mfundo zimene zinakhudza chigamulo. Kodi n'zofunika kuti inali nkhono osati ntchentche? Ayi. Kodi n'zofunika kuti kunali ku Paisley? Ayi. Nanga kuti botolo linali losaonekera mkati ndiponso lotsekedwa kuchokera kufakitale? Eya, kwambiri, chifukwa zikutanthauza kuti panalibe munthu pakati amene akanatha kuona vutolo chakumwacho chisanafike kwa womwa. Njira yoyesera ndi iyi: sinthani mfundo imodzi m'maganizo mwanu, mudzifunse ngati chigamulo chikanasintha. Ngati chikanasintha, mfundoyo ndi yofunika. Ngati ayi, isiyeni kunja kwa notsi zanu.

Chifukwa chenicheni chimene chigamulo chaimapo chimatchedwa ratio decidendi, ndipo ndi chokhacho chimene chimamanga makhothi ena. Zina zimene jaji wanena podutsa ndi obiter dicta. Majaji salemba kuti "ratio yanga ndi iyi". Mumaipeza nokha, ndipo nthawi zina makhothi a pambuyo pake ndi amene amaonetsa kukula kwake. Patangopita zaka zochepa, pa mlandu wa Grant v Australian Knitting Mills, dokotala wina wa ku Adelaide ku Australia anadwala nthenda ya pakhungu atavala zovala zamkati zaubweya zimene zinatsalira mankhwala a kufakitale. Opanga zovalazo anayesa kunena kuti mlandu wa Donoghue unali wa zakudya ndi zakumwa, koma khothi la Privy Council ku London, limene linkamva apilo yochokera ku Australia, linakana, n'kugwiritsa ntchito mfundo yomweyo. Mukawerenga milandu iwiriyi motsatizana, mumaona ndi maso anu mmene lamulo limakulira.

Musazinyoze obiter dicta. Pa mlandu wa Hedley Byrne v Heller, wosindikizidwa mu 1964, kampani yotsatsa malonda inataya ndalama chifukwa inakhulupirira zimene banki inanena zokhudza kasitomala wake. Kampaniyo inagonja, popeza bankiyo inali italemberatu kuti sidzakhala ndi mlandu pa zimene yanena. Komabe majaji ananena kuti munthu angakhale ndi mlandu wopereka uphungu mosasamala, ndipo mawu amenewo ndi amene makhothi akhala akuwatsatira kuyambira nthawiyo.

Pali mayesero amene wophunzira aliyense amakumana nawo: kusiya chigamulo chenicheni n'kuwerenga chidule cha ndime imodzi chimene wina analemba. Sindinena kuti muwerenge mlandu uliwonse kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, chifukwa nthawi siingalole. Koma pa mutu uliwonse pamakhala milandu iwiri kapena itatu imene mphunzitsi amabwerezabwereza. Imeneyo iwerengeni yonse, pamodzi ndi maganizo a majaji amene sanagwirizane ndi anzawo. Chidule chimakuuzani amene anapambana, pamene mayeso amafunsa chimene chingachitike mfundo imodzi itasintha, ndipo yankho la funso limenelo lili m'kaganizidwe ka jaji. Taonani izi: pa mlandu wa Donoghue khothi silinafike poona ngati nkhonoyo inalimodi m'botolo. Linangoyankha funso la lamulo potengera kuti dandaulolo ndi loona. Stevenson anamwalira chaka chomwecho cha 1932, ndipo nkhaniyo inathera kunja kwa khothi. Zinthu zotere zimaoneka kwa amene wafika pa gwero.

Kuwerenga lamulo lolembedwa ndi nyumba ya malamulo

Ophunzira ambiri amakonda milandu chifukwa ili ndi nkhani, n'kumazemba malamulo olembedwa chifukwa ndi ouma. Koma pantchito mudzakhalira amenewa tsiku lililonse. Yambani ndi mndandanda wa zigawo kuti muone mmene lamulolo lamangidwira. Kenako pitani pagawo limene likumasulira mawu, chifukwa liwu wamba ngati "galimoto", "mwana" kapena "nyumba" likhoza kupatsidwa tanthauzo lapadera m'lamulo limenelo. Mukafika pagawo limene mukulifuna, liduleni m'zidutswa: ndani, achite chiyani, pa nthawi iti, kupatula pati. Yang'anitsitsani timawu ting'onoting'ono monga "and", "or", "shall", "may" ndi "unless". Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo palibe pamene kudekha kumalipira kuposa apa.

Milandu iwiri ya ku England ikuonetsa chifukwa chake. Pa Fisher v Bell, wosindikizidwa mu 1961, mwini sitolo ku Bristol anaika pawindo mpeni woletsedwa uli ndi mtengo wake. Lamulo la 1959 linkaletsa kupereka mpeni wotere kuti ugulidwe, pogwiritsa ntchito mawu akuti "offer for sale". Khothi linati m'malamulo a mgwirizano, kuika katundu pawindo ndi kungoitana anthu kuti abwere adzapemphe kugula, si offer (lonjezo limene winayo akangolivomera mgwirizano umachitika), ndipo munthuyo anapezeka wosalakwa. Nyumba ya malamulo inachita kukonza mawuwo. Pa Adler v George wa mu 1964, lamulo linkaletsa kusokoneza asilikali "in the vicinity of" malo oletsedwa, kutanthauza pafupi ndi malowo. Woimbidwa mlandu anati iye sanali pafupi, anali mkati mwenimweni. Apa khothi linakana kutsatira mawu mwakhungu, chifukwa zikanakhala zopanda nzeru kulanga amene ali kunja kwa mpanda n'kusiya amene walowa. Ntchito yanu ndi kumvetsa chifukwa chimene majaji anamamatira mawu pa mlandu woyamba koma n'kuwatambasula pa wachiwiri.

Nthawi zonse onetsetsani kuti lamulo limene mukuwerenga ndi limene likugwira ntchito lero. Malamulo amasinthidwa, ndipo buku la zaka zisanu zapitazo likhoza kukuphunzitsani gawo limene linachotsedwa.

Sabata yanu iziyenda chonchi

Werengani musanalowe m'kalasi, ngakhale masamba ochepa, kuti zimene mphunzitsi akunena zipeze pokhala. M'kalasi musalimbane ndi kulemba liwu lililonse. Lembani dongosolo la mutuwo, mayina a milandu, ndi pamene mphunzitsi wanena kuti apa akatswiri amatsutsana, chifukwa mafunso a mayeso amakonda kuchokera pamenepo. Tsiku lomwelo kapena mawa lake, phatikizani notsi za m'kalasi, za m'buku ndi za milandu kuti zikhale chinthu chimodzi. Kumapeto kwa mutu uliwonse finyani zonsezo zikwane tsamba limodzi, molemba mafunso amene loya angadzifunse motsatana. Pa mlandu wa kusasamala, mwachitsanzo: kodi panali udindo wosamala? Kodi unaphwanyidwa? Kodi kuphwanyako ndi kumene kunabweretsa vutolo? Kodi vutolo linali la mtundu woti munthu akanaliyembekezera? Kodi wodandaulidwa ali ndi podzitetezera?

Makalasi ang'onoang'ono okambirana musawaphonye, ndipo muzipita mutalemba yankho lanu, ngakhale mukuona kuti ndi lopunduka. Gulu lowerengera limodzi limathandiza likakhala la anthu atatu kapena anayi amene aliyense wawerenga kale payekha. Kugawana milandu kuti wina awerengere mnzake kumaoneka ngati kupulumutsa nthawi, koma m'chipinda cha mayeso aliyense amalowa ndi mutu wake.

Kuyankha funso la nkhani yopeka

Mafunso ambiri a mayeso amakhala kankhani kopeka kothera ndi mawu akuti langizani wakutiwakuti. Njira yodziwika yoyankhira imatchedwa IRAC: tchulani funso la lamulo, nenani lamulo ndi gwero lake, liikeni pa mfundo za nkhaniyo, kenako perekani yankho. Mumachita zimenezi pa funso lililonse la lamulo limene lili m'nkhaniyo, limodzi ndi limodzi.

Tiyese. Lolemba, wogulitsa walembera wogula uthenga kuti akugulitsa njinga yamoto pa mtengo wakuti, ndipo ayankhe pofika Lachisanu. Lachiwiri wogula wayankha kuti, "Kodi mungalole kuti ndilipire theka mwezi uno, theka mwezi wamawa?" Wogulitsa sanayankhe, ndipo Lachitatu wagulitsa njingayo kwa munthu wina osamuuza wogula uja. Lachinayi wogula watumiza uthenga kuti wavomera mtengowo ndipo alipira zonse pakamodzi. Langizani wogula.

Wophunzira amene analoweza adzayamba kulemba zonse zimene akudziwa zokhudza mgwirizano, masamba atatu, osakhudza njinga. Inu yambani ndi funso loyamba: kodi uthenga wa Lachiwiri unapha offer ya wogulitsa? Pa Hyde v Wrench wa mu 1840, munthu anauzidwa kuti munda ndi mapaundi 1,000, iye n'kunena kuti apereka 950. Atakanidwa anabwerera kuti wavomera 1,000, koma khothi linati offer yoyamba inafa pamene iye anatchula mtengo wina. Pa Stevenson, Jacques & Co v McLean wa mu 1880, wogula anangofunsa ngati wogulitsa angalole kuti katundu aperekedwe pang'onopang'ono kwa miyezi iwiri, ndipo khothi linati kumeneko kunali kufunsa chabe, offer inali ikadali yamoyo. Tsopano bwererani pa mawu a wogula wathu. Sanatchule mtengo wina, sanakane, wayamba ndi "kodi mungalole". Zikufanana kwambiri ndi mlandu wachiwiriwo. Koma nenaninso zimene loya wa wogulitsa anganene: kuti kalipiridwe ndi mbali yaikulu ya mgwirizano, ndiye kupempha kusintha kumeneko ndi kubweretsa offer yatsopano. Kenako onetsani chifukwa chimene mukuona kuti mbali imodzi ndi yolemera kuposa inzake.

Funso lachiwiri: kodi kugulitsa njingayo Lachitatu kunachotsa offer? Lamulo la common law ndi lakuti wopereka offer akhoza kuichotsa isanavomerezedwe, ngakhale analonjeza kudikira, pokhapokha ngati analandira kanthu pa lonjezolo. Koma kuchotsako kuyenera kumufika winayo, monga anagamulira pa Byrne v Van Tienhoven mu 1880. Pa Dickinson v Dodds wa mu 1876, zinakwanira kuti wogula anamva kwa munthu wina kuti katunduyo akugulitsidwa kwina. M'nkhani yathu palibe amene anamuuza wogula. Ndiye n'kutheka kwambiri kuti Lachinayi mgwirizano unachitika, ndipo wogulitsa wauphwanya. Mukatero mumapita pa funso lachitatu, la chipukuta misozi chimene wogula angapeze.

Malikisi ambiri ali pa gawo loika lamulo pa mfundo za nkhani, ndipo liwu limene liyenera kuoneka kawirikawiri m'yankho lanu ndi "chifukwa". Musawonjezere mfundo zimene mulibe m'nkhaniyo. Ngati pali chimene sichinanenedwe koma chingasinthe yankho, nenani kuti mungafune kuchidziwa, ndi mmene chingasinthire zinthu. Ndipo musaope kupereka yankho. Munthu amene wabwera kwa loya safuna kumva kuti zikhoza kupita uku kapena uko basi. Amafuna kudziwa kumene zikupendekera.

Nkhani zolemba, magwero ndi kukhulupirika

Funso la essay limafuna maganizo anu pa lamulo: kodi ndi lachilungamo, kodi likugwira ntchito, kodi lisinthidwe? Nenani mbali imene mwaima m'ndime yoyamba, ndipo ndime iliyonse yotsatira ikankhire mfundoyo patsogolo. Maganizo a majaji otsutsa ndi chuma pa ntchito imeneyi. Pa Liversidge v Anderson, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, jaji Lord Atkin wa khothi la House of Lords anaima yekha kunena kuti nduna imene yatsekera munthu popanda kumuzenga mlandu iyenera kuonetsa zifukwa zomveka. Anzake anayi anamutsutsa, koma patapita zaka makumi angapo majaji a khothi lomwelo anavomereza kuti iye ndi amene ankalondola.

Chiganizo chilichonse chonena kuti lamulo likuti chakuti chikhale ndi gwero: mlandu, gawo la lamulo, kapena buku. Phunzirani msanga kalembedwe ka magwero kamene sukulu yanu imafuna, kaya ndi OSCOLA kapena kena. Musatchule mlandu umene simunautsegule. Mu 2023 khothi lina ku New York linalipiritsa maloya chindapusa cha madola 5,000 pa mlandu wa Mata v Avianca, atapereka kukhothi milandu imene kunalibe, yopekedwa ndi ChatGPT. Ngati mukugwiritsa ntchito zida zotere, tsatirani malamulo a sukulu yanu, ndipo chilichonse chimene zakuuzani kachipezeni m'chigamulo chenicheni. Kukopera ntchito ya wina kapena kubera mayeso n'koopsa kwambiri kwa wophunzira zamalamulo kuposa ena, chifukwa mabungwe ovomereza maloya amafufuza khalidwe la munthu, ndipo mbiri yotere imatha kukutsekerani khomo digiri muli nayo m'manja.

Tsegulani pakamwa, pitani kukhothi

Milandu yambiri imazengedwa poyera, ndipo aliyense akhoza kukhala kumbuyo n'kumamvetsera. Pitani, muvale mwaulemu, muzimitse foni. Mudzaona mmene loya amafunsira mboni, mmene jaji amadulira loya amene akuzungulira, ndi mmene woimbidwa mlandu amaonekera pamene tsogolo lake likukambidwa ndi anthu ena. Mfundo ya pa Woolmington v DPP wa mu 1935, yakuti ndi boma limene liyenera kutsimikizira kuti munthu ndi wolakwa, imamveka mwina mukamuona munthuyo ataima patsogolo panu.

Lowani nawo moot, umene ndi mlandu woyeserera wa apilo pamaso pa aphunzitsi kapena majaji enieni. Mpikisano wotchuka wa mtundu umenewu ndi wa Jessup, wa malamulo a pakati pa mayiko, koma wa m'kalasi mwanu ndi wokwanira poyambira. Ulendo woyamba mawondo amanjenjemera, ndipo jaji akakufunsani funso pepala limene munakonza limasowa ntchito. Yankhani funsolo kaye, kenako mubwerere pa mfundo yanu. Ngati sukulu yanu ili ndi kiliniki yothandiza anthu osauka pa zamalamulo, dziperekeni. Kumeneko mudzaphunzira kumvetsera munthu amene akufotokoza vuto lake mosokonekera, n'kupezamo funso la lamulo. Zimene mwamva kumeneko ndi chinsinsi, ngakhale kwa mnzanu wapamtima.

Mayeso

Yambani kuyankha mapepala a zaka zam'mbuyo kukadali masabata angapo, mutatseka mabuku, wotchi ili patsogolo. Kuwerenganso notsi kumakupusitsani kuti mukudziwa, pamene kulemba yankho kumakuonetsani pamene pali dzenje. Pemphani mphunzitsi kapena mnzanu akuonereni yankho limodzi kapena awiri.

M'chipinda cha mayeso, gawani nthawi motsatira malikisi a funso lililonse, ndipo nthawi ya funso ikatha pitani kwina ngakhale simunamalize. Malikisi oyamba a funso latsopano ndi osavuta kupeza kuposa omaliza a funso lakale. Tengani mphindi zisanu kulemba dongosolo musanayambe yankho. Mukaiwala dzina la mlandu, fotokozani mfundo zake mwachidule ndi zimene unagamula. Aphunzitsi ambiri amapereka malikisi pa zimenezo, koma dzina lopeka limakuchotserani chikhulupiriro. Mayeso olola kulowa ndi mabuku asakunyengeni, chifukwa nthawi yofufuza simakhalapo. Ndipo usiku woti mawa mayeso, gonani. Ntchito ya tsikulo ndi kuganiza, ndipo mutu wosagona umaona funso limodzi pamene pali atatu.

Zaka zomaliza

Mukafika posankha maphunziro, sankhani ena chifukwa mumawakonda, koma yang'anani kaye amene bungwe lovomereza maloya limafuna kuti aliyense akhale atachita. Kawirikawiri amakhala malamulo a mgwirizano, a tort (kulakwirana kofuna chipukuta misozi, monga kusasamala), a milandu yaupandu, a malamulo oyendetsera dziko, a malo ndi katundu, ndipo m'mayiko ena umboni ndi kayendetsedwe ka milandu. Pa kafukufuku wa chaka chomaliza sankhani funso laling'ono limene mungaliyankhe mokwanira. "Ufulu wa ana" ndi mutu wa mabuku khumi, pamene mmene makhothi a dziko limodzi amasulira gawo limodzi la lamulo pa zaka khumi ndi ntchito yotheka.

Patchuthi funani malo ophunzirira ntchito kwa maloya, kukhothi, m'boma, m'makampani kapena m'mabungwe omenyera ufulu wa anthu, ngakhale kwa masabata awiri okha. Mudzadziwa ngati mumakonda kuima m'khothi kapena kulemba mapangano, kapenanso ngati mukufuna kugwiritsa ntchito digiriyi kwina, poti si onse omaliza zamalamulo amene amakhala maloya. Aphunzitsi awiri akudziweni bwino, chifukwa mudzafuna makalata okuchitirani umboni. Chaka chomaliza chikangoyamba, fufuzani masiku otsekera kulembetsa maphunziro a ntchito ya uloya ndi mapepala amene amafunika, muwalembe pakalendala, popeza ena amatseka inu musanalembe n'komwe mayeso omaliza.